Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma amene analemba Nthondo

M'maboma a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba muli anthu ambiri amene anaphunzirako sukulu ku Malawi. Ena anakhala kumeneko pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, pamene dziko la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Ena mpaka lero amaoloka malire pa Chiponde n'kumakaphunzira akukhala kwa abale awo ku Namwera kapena ku Mangochi. Kwa amene anafika ku sekondale, dzina la Nthondo si lachilendo. Ndi buku la Chinyanja limene linasindikizidwa koyamba mu 1933, ndipo lakhala likuwerengedwa m'sukulu za ku Malawi mpaka kulowa m'gulu la mabuku olembera mayeso a MSCE. Ambiri amakumbukira mnyamata wakuba uja amene anadzakhala mfumu, koma za mlembi wake amangodziwa dzina la pachikuto basi.

Mlembiyo anali a Samuel Josia Ntara. M'mabuku ena dzina lawo limalembedwa kuti Nthara, ndipo dzina lapakati limapezeka ngati Yosia kapena Josiah, koma munthu wake ndi mmodzi yemweyo. Anabadwa mu 1905, dziko la Malawi likutchedwa British Central Africa Protectorate. Dzina loti Nyasaland linabwera mu 1907. Ntchito yawo inali ya uphunzitsi, pansi pa mishoni ya Dutch Reformed Church imene likulu lake linali ku Nkhoma, pakati pa Lilongwe ndi Dedza.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake mphunzitsi wa kumudzi analemba buku lathunthu m'chilankhulo chake pa nthawi imeneyo, ayenera kudziwa mmene Nkhoma inaliri. Amishoni amenewa anachokera ku South Africa. Anayamba ntchito pa Mvera mu 1889 ndipo anatsegula Nkhoma mu 1896. Sukulu zawo zinali zosiyana ndi za ku Livingstonia kumpoto kapena za ku Blantyre kumwera, kumene Chingerezi chinali patsogolo ndipo ophunzira ambiri ankatuluka n'kukakhala makalaliki a boma ndi a makampani. A ku Nkhoma ankalimbikira sukulu zing'onozing'ono za m'midzi, kuwerenga ndi kulemba m'Chinyanja, ulimi ndi ntchito zamanja. Pambuyo pake anthu anawadzudzula kuti anachedwetsa ana a m'chigawo chapakati pa maphunziro apamwamba, ndipo kudzudzulako kuli ndi maziko. Koma ndondomeko yomweyo inachititsa kuti Chinyanja chikhale chilankhulo cha papepala. Mishoniyo inali ndi makina osindikizira mabuku, inkatulutsa nyuzipepala ya Mthenga, ndipo mmodzi mwa atsogoleri ake, William Murray, ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922. Pa nthawiyo n'kuti a Ntara ali ndi zaka 17. Anakula akuona chilankhulo cha amayi awo chili ndi kalembedwe kake, mabuku ake ndi owerenga ake.

Kuno ku Mozambique zinthu zinayenda mwina. Amishoni omwewo anatsegula siteshoni ya Mphatso ku Angónia mu 1909, koma boma la Apwitikizi linawatseketsa mu 1922. Chigawo cha Niassa chinali m'manja mwa kampani ya Companhia do Niassa mpaka 1929, ndipo mtima wa kampaniyo unali pa msonkho ndi pa kugwiritsa anthu ntchito, osati pa sukulu. Pangano la Portugal ndi Vatican la mu 1940 ndi lamulo la amishoni la mu 1941 zinapereka maphunziro a ana akuda m'manja mwa mishoni za Katolika, ndipo chilankhulo cha m'kalasi chinayenera kukhala Chipwitikizi. Zilankhulo za m'midzi zinkaloledwa pophunzitsa za chipembedzo. N'chifukwa chake mabuku akale a nkhani za m'Chinyanja anabadwira kutsidya kwa malire, ngakhale olankhula chilankhulochi ali mbali zonse ziwiri.

Mwayi wa a Ntara unachokera kutali. Mu 1926 ku London kunakhazikitsidwa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo m'zaka za m'ma 1930 bungweli linkachititsa mpikisano wolemba mabuku m'zilankhulo za mu Africa, likumasankha zilankhulo zingapo pa chaka. Itafika nthawi ya Chinyanja, a Ntara anatumiza zolemba zawo ndipo zinapambana m'gawo la mbiri ya moyo wa munthu. Mu 1933 bukulo linatuluka ku Nkhoma, mlembi wake ali ndi zaka 28. Mpikisano wa bungwe lomweli ndi umene unatulutsanso buku la Omenuko la Pita Nwana ku Nigeria, limene Aigbo amalitenga ngati chiyambi cha nkhani zazitali m'chilankhulo chawo.

Bukuli linapambana ngati mbiri ya munthu, koma Nthondo sanakhaleko. Ndi munthu wopeka. A Ntara anabwereka kaimidwe ka mbiri, kuyambira pa kubadwa mpaka kumanda, n'kuthiramo zimene ankaziona ndi kuzimva m'midzi ya Achewa. Ichi ndi chifukwa chake nkhaniyo siyenda ngati nkhani zamakono zimene zimabisa chinsinsi kuti chikaululike kumapeto. Imayenda ngati moyo weniweni, msinkhu ndi msinkhu, ndipo pa msinkhu uliwonse mlembi amaima n'kuonetsa zimene mudzi umachita: pobadwa mwana, podwala munthu, pofunsira kwa sing'anga, pa maliro, pa ukwati, polonga mfumu. Wophunzira amene akuthamangira kudziwa mathero amaona ngati malo amenewa akumuchedwetsa. Komatu mphamvu ya bukuli ili pomwepo.

Nkhani yake mwachidule ndi iyi. Nthondo amabadwa m'mudzi umene sukulu ndi tchalitchi zinali zisanafike. Bambo ake amamwalira iye akadali wamng'ono. Amakula ali wosamva, wakuba ndi wovutitsa anthu. Atasinkhuka amapita kumwera kukafuna ntchito kwa azungu monga ankachitira anyamata ambiri a nthawi imeneyo. Amabwerera kwawo, amakhazikika, amalowa ufumu, ndipo chakumapeto kwa moyo wake amalandira Chikhristu. Bukulo limatha ndi imfa yake.

Mu 1934 bukuli linatuluka m'Chingerezi ku London. Analimasulira ndi Thomas Cullen Young, mmishonale wa ku Scotland amene anagwira ntchito zaka zambiri pansi pa Livingstonia. Ameneyu ndi Young yemwe uja amene anatulutsa Hastings Kamuzu Banda m'chipinda cha mayeso mu 1915, koma awiriwa anadzagwirizananso n'kukonzera limodzi buku la Our African Way of Life mu 1946. Pomasulira Nthondo, mutu wa buku unasintha n'kukhala Man of Africa, kutanthauza munthu wa ku Africa, ndipo mawu oyamba analemba ndi Julian Huxley, katswiri wa sayansi ya zamoyo. Kusintha kwa mutuko si nkhani yaing'ono. A Ntara anatcha buku lawo dzina la munthu mmodzi, wokhala ndi mayi ake, mudzi wake ndi zolakwa zake. Owerenga a ku Ulaya anapatsidwa munthu yemweyo ngati chitsanzo cha Africa yense, woti aphunzirirepo mmene anthu akuda amakhalira ndi mmene amaganizira. Kumasulirako kunatchukitsa dzina la a Ntara kunja, pa nthawi imene mabuku olembedwa ndi anthu akuda a m'chigawo chino cha Africa anali owerengeka, koma kunachititsanso kuti bukulo liziwerengedwa ngati nkhokwe ya miyambo kusiyana ndi luso la mlembi.

Kusukulu bukuli limapanikizidwa mwa njira ina. Wophunzira amafunsidwa kutchula mtengambali wamkulu, makhalidwe ake, malo ndi nthawi, ndi phunziro la nkhaniyo. Yankho losavuta limakhala lakuti kuba n'koipa, mmera mpoyamba, ndipo munthu woipa angathe kusintha. Yankho limeneli silolakwika, ndipo limapatsa malikesi. Koma likanakhala kuti ndi lokhalo limene lili m'bukumo, a Ntara akanatha kulemba masamba awiri n'kusiya. Iwo anataya nthawi yaitali akufotokoza anthu ozungulira Nthondo, ndipo funso limene bukulo limasiya m'mutu mwa wowerenga wachikulire ndi lakuti mwana ameneyu anayenera kumulera ndani.

Funsoli n'lolemera kwa anthu a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, chifukwa Ayao ndi Amakhuwa amatsata mzere wa kuchikazi ngati Achewa. Mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi pa chikamwini, ana amawerengedwa a mbumba ya mayi, ndipo amene ali ndi mawu omaliza pa iwo ndi malume wawo, mwini mbumba. Pa mwambo wotere imfa ya bambo siyenera kusiya mwana pabwalo, chifukwa abale a mayi alipo. Nanga bwanji Nthondo analowerera? Wowerenga akafunsa chonchi amasiya kuwerenga mndandanda wa zinthu zimene mnyamatayo anaba n'kuyamba kuona mmene akuluakulu ankachitira akamva za kubako, amene ankamuikira kumbuyo, amene ankamulanga, ndi amene ankangoyang'ana kumbali. Pamenepo bukuli limakhala nkhani ya mudzi wonse, ndipo mlandu sugwera mwana yekha.

Ulendo wa kumwera nawonso umafuna kuuwerenga mofatsa. Pa nthawi imene a Ntara ankalemba, amuna zikwizikwi ankachoka ku Nyasaland kupita ku mafamu ndi migodi ya ku Halale ndi ku Joni. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ndalama kumudzi kunalibe. Amene sankabwerako ankatchedwa matchona. Anthu a mbali ya kuno ankayenda njira zomwezo, ena pothawa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi, ndipo mabanja ambiri a Alomwe anakakhazikika m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Choncho Nthondo akanyamuka, owerenga oyamba a mu 1933 sankaona ngati nthano. Ankaona mchimwene wawo, mwamuna wawo kapena iwo eni. Wophunzira wa lero amene mkulu wake ali ku Johannesburg kapena ku Nampula akhoza kuliwerenga gawo limeneli ndi maso omwewo, n'kufunsa chimene munthu amapita nacho, chimene amabwera nacho, ndi chimene chimasintha kunyumba iye kulibe.

Kenako pali nkhani ya mathero. Nthondo amatembenuka mtima, ndipo owerenga ena amati apa a Ntara anangolemba zokondweretsa amishoni amene anali eni makina osindikizira. Maganizo amenewa sangangotayidwa. Pa nthawiyo munthu wakuda wofuna kutulutsa buku m'chilankhulo chake analibe khomo lina lolowera koma la mishoni, ndipo amishoni ankasankha choti chituluke. Ku Lesotho, buku la Chaka la Thomas Mofolo linakhala zaka zoposa 10 lisanasindikizidwe ndi mishoni ya ku Morija, mpaka linatuluka mu 1925. Mlembi aliyense wa nthawiyo ankadziwa malire a zimene zingaloledwe.

Komabe kunena kuti a Ntara ankanamizira n'kuwalakwira. Iwo anali munthu wa mpingo, ndipo mu 1964 anatulutsa mbiri ya M'busa Namon Katengeza, mmodzi mwa abusa akuda oyambirira a ku Nkhoma, amene anadzozedwa mu 1925. Chikhristu cha m'mabuku awo chinali chawochawo. Chofunika kuchiona ndi dongosolo la zochitika. Nthondo amalandira ufumu asanalowe mpingo. Anthu amene ankadziwa mbiri yake yonse, otsata miyambo ya makolo, ndi amene anayamba kumuona kuti wakhwima ndipo angathe kusunga mudzi. Mpingo unapeza munthu amene mudzi unali utamuwongola kale mbali yaikulu. Mlembi wofuna kuonetsa kuti moyo wakale unali mdima wokhawokha sakanalemba chonchi. A Ntara ankagwira ntchito mu mpingo umene unkalimbana kwambiri ndi gule wamkulu ndi mowa, koma polemba za anthu a m'mudzi anawapatsa nzeru, chifundo ndi malamulo awo, pamodzi ndi mantha awo a ufiti ndi zolakwa zawo. Mbali ziwirizi zili m'buku limodzi ndipo sizigwirizana bwinobwino paliponse. Wophunzira amene waona kusagwirizanako wawerenga kwambiri kuposa amene waloweza phunziro la pamapeto.

Chinanso chimene mayeso sachigwira mokwanira ndi chilankhulo. Asanalembe a Ntara, Chinyanja chambiri chosindikizidwa chinali chomasulira kuchokera ku zilankhulo zina: Baibulo, katekisimu, nyimbo za m'tchalitchi ndi mabuku ophunzirira kuwerenga. Mu Nthondo anthu amalankhulana ngati mmene amalankhulira pabwalo la milandu, pamtondo ndi pasiwa, mozungulira, mwaulemu ndi mophiphiritsa. Chidwi chawo pa kalankhulidwe sichinathe, moti mu 1964 anatulutsanso buku la Mawu Okuluwika m'Chinyanja. Wowerenga wa ku Niassa amene Chinyanja chake ndi cha m'mbali mwa nyanja kapena chosakanikirana ndi Chiyao adzapezamo mawu ena achilendo a Achewa a ku Lilongwe, Dowa ndi Dedza, koma kayendedwe ka ziganizo adzakazindikira.

Mu 1949 kunatuluka mabuku awo ena awiri. Nchowa ndi nkhani yopeka imene mtengambali wake wamkulu ndi mkazi. Msyamboza ndi mbiri yeniyeni ya mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa, imene inamwalira mu 1926. Mfumuyi inali mlenje wa njovu, inkachita malonda ndi anthu a ku Nkhotakota, inkayesa mbewu zatsopano, ndipo inalandira amishoni m'dera lake. Cullen Young analimasuliranso bukuli ndi mutu woti Headman's Enterprise. Likaikidwa pafupi ndi Nthondo, zimaoneka kuti a Ntara ankabwerera ku funso limodzi: mfumu ya m'mudzi ichite chiyani zinthu zatsopano zikafika pakhomo? Msyamboza sanadikire kuti mzungu amuuze zochita. Anasankha yekha zoti atenge ndi zoti asiye, ndipo mlembiyo akuoneka kuti ankalemekeza mtima umenewo.

Buku lawo limene akatswiri a mbiri yakale amalitchula kwambiri ndi Mbiri ya Achewa, limene linatuluka m'zaka za m'ma 1940. Analisonkhanitsa kuchokera pakamwa pa akuluakulu, ndipo limakamba za kumene Achewa anachokera, za Kaphirintiwa, za mafuko a Phiri ndi Banda, za Kalonga, Undi ndi mafumu ena. Mbali ina ya nkhani zimenezi inachitikira m'dziko limene lero ndi chigawo cha Tete, choncho ndi mbiri ya anthu a ku Mozambique ngati mmene ilili ya anthu a ku Malawi ndi Zambia. Mu 1973 linatuluka m'Chingerezi ku Germany, womasulira ali W. S. Kamphandira Jere, ndi ndemanga za katswiri wa mbiri Harry Langworthy. Akatswiri amatsutsana pa mfundo zina za m'bukumo, monga zimakhalira ndi mbiri iliyonse yochokera pakamwa, koma amayambira pomwepo. Ntchito yofanana nayo inali itachitika kale m'chigawo chino cha Niassa. Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe wa Anglican wa pa Unangu amene anamwalira mu 1924, analemba mbiri ya Ayao yotchedwa Chiikala cha Wayao, ndipo inasindikizidwa ku Zomba mu 1919 pamodzi ndi kumasulira kwa m'Chingerezi kwa Meredith Sanderson. Anthu awiriwa anali a mipingo yosiyana ndi zilankhulo zosiyana, koma onse anali antchito a mishoni amene anakhala pansi ndi okalamba n'kulemba zimene anamva asanamwalire eni nkhaniwo. Buku la Abdallah, lolembedwera ku Niassa, nalonso linakasindikizidwa ku Nyasaland.

A Ntara anakhala ndi moyo mpaka kuona Nyasaland ikusanduka Malawi mu 1964, ndi kuona chilankhulo chimene ankachitcha Chinyanja m'mabuku awo chikupatsidwa dzina loti Chichewa mu 1968 n'kukhala chilankhulo cha dziko lonse. Ku Mozambique ndi ku Zambia dzina lakale lija linatsala. Pofika nthawi imeneyo panali patabwera alembi ena amene mabuku awo analowanso m'sukulu, monga Josiah Phiri wa Kalenga ndi Mnzake ndi John Gwengwe wa Sikusinja ndi Gwenembe ndi Kukula ndi Mwambo. Ambiri mwa mabuku a m'badwo umenewo amazungulira pa nkhani zimene Nthondo anayamba kuziika papepala: kulera, ulendo, mwambo ndi mpingo. A Ntara anamwalira m'zaka za m'ma 1970.

Ku Mozambique, Chinyanja chinalowa m'kalasi mochedwa. Boma linayesa koyamba maphunziro a zilankhulo ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997, pogwiritsa ntchito Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo kuyambira mu 2003 ndondomekoyi inayamba kufalikira m'sukulu zina za pulayimale. Ku Niassa zilankhulo zake ndi Chiyao, Chimakhuwa ndi Chinyanja. Ku sekondale mabuku a nkhani ndi ndakatulo amawerengedwa m'Chipwitikizi, ndipo mayina amene ophunzira a ku Cuamba amakumana nawo ndi a José Craveirinha, Noémia de Sousa, Luís Bernardo Honwana ndi Mia Couto. Nthondo sali pa mndandanda wa mabuku a mayeso kuno. Amene angalipeze ku Mandimba kapena ku Ngauma, kaya kwa mphunzitsi, kaya kwa mwana wa mlongo wake wophunzira kutsidya, adzaliwerenga popanda mafunso a mayeso omudikira, monga analiwerengera anthu a m'midzi ya ku Nkhoma mu 1933.